Bawuti wobwereka: kuchokera ku Gokwe kutsikira ku nyanja ya Kariba

Ku Gokwe kulibe nyanja. Mlendo akaima pa msika wa m'tauniyi m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, chimene amaona ndi fumbi, ngolo zokokedwa ndi abulu, ndi mabasi amene aima kudikira kuti adzaze. Komabe pakati pa milu ya tomato ndi matumba a chimanga sipalephera kukhala beseni la kapenta wouma, tinsomba tating'ono tonga usipa timene amayi amagulitsa poyeza ndi kapu kapena chitini. Wambiri mwa kapentayu amachokera kumpoto, ku nyanja ya Kariba. Msewu umene iye amadzera pokwera kuno ndi womwewonso umene umatsitsira kunyanja katundu wina amene salembedwa m'mabuku a zamalonda: lamba wa injini wokulungidwa m'nyuzipepala, beringi ya m'thumba la jekete, ndodo zowotcherera zomangidwa ndi mphira.

Tauni ya Gokwe ili m'chigawo cha Midlands, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Kwekwe kudzera ku Zhombe. Dera lake, limene linagawidwa pawiri kukhala Gokwe South ndi Gokwe North, silifika pagombe chifukwa pakati pali maboma a Binga ndi Nyaminyami. Koma madzi a kuno amakathera komweko. Mitsinje ya Sengwa ndi Ume imayambira kumtunda kuno n'kutsetsereka chakumpoto, pamene Sanyati amalambalala chakum'mawa, ndipo yonse itatu imakathira m'nyanja ya Kariba.

Dziko lotalikirana ndi sitolo

Kwa nthawi yaitali Gokwe linali dziko la kashembe, ntchentche imene inkapha ng'ombe ndi kuopseza alendo. Eni nthaka, anthu a mtundu wa Shangwe, ankalima fodya wawo ndi kusaka nyama. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linasamutsira kuno mabanja amene linawachotsa ku Rhodesdale, kufupi ndi Kwekwe. Obwerawo anapatsidwa dzina loti Madheruka, ndipo akuti dzinali linachokera ku kulira kwa injini za malole amene anawanyamula. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera thonje, ndipo posakhalitsa Gokwe anatchuka m'dziko lonse ndi mbewuyi.

Thonje linabweretsa pulawo, ngolo, makina opopera mankhwala ndi zigayo, koma silinabweretse sitolo pafupi. Dothi lakuda la m'zigwa, limene kuno amalitcha chidhaka, likanyowa limagwira matayala ngati ulimbo, ndipo m'dzinja midzi ina imakhala masiku ambiri osaona galimoto. Mlimi amene pulawo yake yathyoka bawuti m'sabata ya mvula yoyamba sangadikire ulendo wa ku Kwekwe. Amapita kwa mnansi wake, ndipo mnansiyo amamasula bawuti pa pulawo yakale imene yagona kuseri kwa nkhokwe. Pakhomo lililonse la mlimi wokhazikika pali mulu wa zitsulo zadzimbiri umene mlendo angauyese zinyalala. Muluwo ndiye sitolo ya mudzi.

Mjigo wa m'dziko muno unapangidwa ndi maganizo omwewo. Anauyambitsa ndi Tommy Murgatroyd ku Plumtree m'chaka cha 1933, ndipo mtundu wake wotchedwa B, umene Peter Morgan anaukonza, unasankhidwa mu 1989 kukhala mjigo wa dziko lonse. Chogwirira chake chimayenda pa chipika cha mtengo wolimba, ndipo zotsekera madzi za pansi ndi zachikopa, kotero kuti zina mwa zinthu zimene zimatha msanga zingathe kusemedwa kapena kudulidwa ndi mmisiri wa kumudzi. Owerenga a ku Malawi akumbukira kuti mjigo wa Afridev, umene chiyambi chake chili m'ntchito za madzi za m'dziko lawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nawonso unapangidwa kuti komiti ya pamudzi izitha kuumasula. Phindu lalikulu la kukhala ndi mjigo wa mtundu umodzi ndi lakuti midzi iwiri ingathe kubwerekana zipangizo. Mfundo imeneyi mlendo aisunge, chifukwa akaipezanso kunyanja.

Kutsikira kuchigwa

Msewu wa kumpoto umadutsa ku Chitekete n'kukakumana, cha ku Siabuwa, ndi msewu wautali wochokera ku Karoi kupita ku Binga. Apa mpweya wasintha kale. Minda ya thonje yatha, kwatsala tsanya ndi milambe, ndipo kutentha kumakula pamene mapiri akutsika. Wokhotera kum'mawa, cha ku Siakobvu, amapeza njira yolowera kwa mfumu Mola, imene imakathera pa Chalala, limodzi mwa madooko odziwika a kapenta, pafupi ndi Bumi Hills. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu ngati galimoto siinavute panjira, ndipo kawirikawiri imavuta.

Nyanja imene imaonekera kumapeto kwa njirayi ndi yaing'ono msinkhu kuposa agogo ambiri a m'deralo. Khoma la damu la Kariba, lotalika mamita 128, linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu a mtundu wa Chitonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa, kusiya minda ya m'madimba ndi manda a makolo awo pansi pa madzi. Antchito 86 anafera pa ntchito yomanga khomalo. Ambiri mwa onyamula simenti ndi kuswa miyala anali amuna ochokera ku Nyasaland, amene anabwera kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito limene kwawo ankalitcha Mthandizi. Dzinalo linali lokoma kuposa ntchito yake. Thandizo lenileni amunawo ankalipeza kwa anzawo, m'magulu othandizana pa maliro ndi pa matenda amene anthu ochokera kumpoto kwa Zambezi anayambitsa m'makomboni a migodi monga wa Globe and Phoenix ku Kwekwe. M'migodimo ndi m'mafakitale a chigawo cha Midlands ena a iwo anaphunzira kuwotcherera, kusula ndi kukonza injini. Pamene ntchito zinayamba kutha, monga zinachitikira ku fakitale ya zitsulo ya Zisco ku Redcliff imene inaima mu 2008, lusolo linabalalikira m'matauni ang'onoang'ono, pansi pa mitengo ndi m'mashedi a malata.

Kapenta nayenso ndi mlendo. Anamutenga ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968 n'kumuthira m'madzi a ku Sinazongwe, mbali ya Zambia. Anaswana kwambiri kotero kuti pofika m'ma 1970 usodzi wamalonda unali utayamba mbali ya kum'mwera. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, zilolezo zimene poyamba zinali m'manja mwa makampani a azungu zinayamba kuperekedwanso kwa makopaletivu ndi amalonda akuda.

Bwato lokhala ngati khonde

Munthu wozolowera mabwato a matabwa a ku Nkhotakota kapena ku Msaka angaseke poona bwato la kapenta. Ndi migolo iwiri yaitali yachitsulo, yowotchereredwa bwino kuti isalowe madzi, ndipo pamwamba pake ayalapo pokhala, denga la malata, injini ya dizilo ndi chitsulo chachitali chotulukira kumbuyo ngati khosi la kakowa. Pa chitsulocho pamalendewera mkombero waukulu wokhala ndi ukonde wonga thumba. Silithamanga, ndipo pa mafunde limayenda ngati ng'ombe yotopa.

Kagwiridwe ka nsomba n'kosasiyana kwenikweni ndi ka asodzi a usipa amene amadalira nyali za siginala. Madzulo mabwato amatuluka m'dooko n'kukaponya nangula pa madzi akuya, pakuti malamulo saloleza kugwira kapenta pa madzi osafika mamita 20 kapena pa mathiriro a mitsinje pamene nsomba zimaswana. Ukonde umatsitsidwa, magetsi a pamwamba ndi a pansi pa madzi amayatsidwa, ndipo nsomba zimasonkhana pa kuwalako. Ikakwana nthawi amazimitsa magetsi a pamwamba kuti nsomba zithithikane pa getsi la m'madzi, kenako amuna amapukusa chokwezera ndi manja mpaka ukonde utatuluka. Nsombazo amazithira mchere pomwepo. Amachita zimenezi kangapo usiku umodzi, ndipo m'mawa kapenta amayanikidwa pa thandala. Makilogalamu pafupifupi atatu a kapenta wamuwisi ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya wouma.

Ntchito yonseyi yatsamira pa injini. Popanda iyo getsi siliyaka, ndipo bwato silibwerera kugombe. Tsono taganizani za usiku wa mdima bii, makilomita angapo kuchokera kumtunda, pamene lamba waduka kapena fyuluta yatsekeka ndi dizilo wa zinyalala. Pamenepo palibe garaja, ndipo kusambira n'kosatheka chifukwa m'madzimo muli ng'ona. Mphepo ya pa Kariba imadzuka mwadzidzidzi, ndipo bwato lopanda injini likaduka nangula limatengedwa kupita ku nkhalango ya mitengo ya tsanya imene inamira damu litadzaza, youma koma yolimba ngati chitsulo, yokhoza kuboola mgolo. Likapanda kupita kumeneko lingathe kuwoloka malire a pamadzi n'kukapezeka m'dziko la eni, kumene mlandu wake ndi wa apolisi ndi chindapusa.

Amene angathandize ndi bwato linzake basi, ndipo apa ndi pamene pali nkhani. Mabwato a kapenta saima moyandikana, chifukwa magetsi awiri akayandikana amalandana nsomba. Amene ali pafupi kwambiri ndi wovutikayo ndi yemwe akupikisana naye usiku umenewo. Kuti akafike ayenera kukweza ukonde nthawi isanakwane, kuzula nangula, kutentha dizilo wake, mwinanso kukoka mnzakeyo mpaka kudooko pa liwiro la kamba. Antchito a pabwato kawirikawiri amalipidwa molingana ndi kulemera kwa nsomba zimene agwira, choncho ukonde umodzi wotayika ndi ndalama yochoka m'thumba la aliyense wa iwo, osati la mwini bwato yekha. Komabe getsi la mnzawo likazima nthawi yosayenera, kenako tochi n'kuyamba kuphethira, amapita. Masiku ano foni ya m'manja imathandiza pamene pali netiweki, koma maso ndiwo amayamba kuona. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo pa nyanja imene injini iliyonse ndi yokalamba palibe amene sadziwa kuti mawa ndi zake.

Sabata ya mwezi

Mwezi ukakhala wathunthu kuwala kwake kumabalalitsa nsomba, ndipo akuluakulu oyang'anira usodzi anakhazikitsa masiku opuma pa nthawi imeneyi kuti kapenta apezeko mpata. Masiku amenewa dooko limasanduka shedi ya amakaniko. Mabwato amakokeredwa pamchenga, migolo imagogodwa kuti amve pamene dzimbiri ladya, maukonde amasokedwa, injini zimamasulidwa n'kuyalidwa pa masaka. Makampani akuluakulu ali ndi mashedi awo ndi amisiri olipidwa pamwezi. Koma mwini bwato limodzi kapena awiri, kapena kopaletivu ya anthu khumi, sangakwanitse kusunga chilichonse chimene chingawonongeke. Chimene chimachitika n'chakuti wina ali ndi makina owotcherera, wina ali ndi jeke ndi masipanala akuluakulu, wina ali ndi injini yakufa imene anthu amaidya pang'onopang'ono, lero pisitoni, mawa pampu ya dizilo. Dooko lonse likaphatikizana limakhala ndi garaja imodzi yokwanira, ngakhale kuti palibe amene anailemba m'kaundula.

Kubwerekanaku kuli ndi malamulo ake osalembedwa, ndipo si aulere monga mlendo angaganizire. Dizilo amabwezedwa ndi dizilo. Wobwereka lamba amabweza lamba, ndipo akakhala waulemu amabweza watsopano. Mmisiri amene wataya tsiku lake pa injini ya mnzake mwina satchula mtengo, koma ndowa ya kapenta imafika kunyumba kwake. Ndipo dooko limakumbukira. Wobwereka sipanala n'kuiwala kubweza, kapena womana pamene ali nazo, adzapeza kuti tsiku la vuto lake anthu onse atanganidwa. M'chaka cha 2008, pamene kukwera mitengo kwa zinthu ku Zimbabwe kunafika pa 231 miliyoni peresenti m'mwezi wa Julaye malinga ndi chiwerengero cha boma, ndalama inasiya kugwira ntchito ndipo mashelefu a m'masitolo anali mbee. Ngongole ya ndalama inkasungunuka pa sabata imodzi, koma ngongole ya beringi inakhalabe beringi.

Eni mabwato ang'onoang'ono ena amakonda injini za silinda imodzi, zofanana ndi zimene zimayendetsa zigayo ndi mapampu a m'midzi. Akatswiri angathe kutchula injini zabwino kuposa zimenezo. Koma injini yabwino imene ili yokha padooko lonse ikawonongeka imakhala miyezi kudikira chitsulo chochokera ku Harare kapena ku Johannesburg, pamene injini wamba imapeza m'bale wake pa chigayo cha ku Siabuwa kapena m'sitolo ya ku Gokwe. Mabungwe a chitukuko amene amagawa mapampu, zigayo ndi mathirakitala ang'onoang'ono sanaiphunzire mokwanira mfundo imeneyi. Madera ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa ali ndi makina okongola amene anagwira ntchito chaka chimodzi, ndipo lero nkhuku zikuikiramo mazira, chifukwa wopereka aliyense anabweretsa mtundu wake ndipo palibe mnansi amene angabwereke kwa mnzake.

Khalidweli si la pa Kariba pokha. Pa nyanja zamchere pali anthu amene amakhala zaka akuzungulira dziko m'mabwato a matanga, banja limodzi kapena anthu awiri, n'kumaima m'madooko monga a Richards Bay ndi Durban podikira mphepo yabwino. Ambiri a iwo ndi opeza bwino kuposa msodzi wa kapenta, koma ndalama siigula chitsulo pa chilumba chimene palibe sitolo. M'madooko ambiri amakhala ndi nthawi yoikika m'mawa yolankhulana pa wailesi ya m'bwato, ndipo pamenepo wina amalengeza chimene akusowa, wina chimene ali nacho chotsala, wina luso limene angathandize nalo. Za kupulumutsa moyo zinalembedwa ngakhale m'malamulo a mayiko: chombo cha Titanic chitamira mu 1912 panabwera pangano la chitetezo cha panyanja la 1914, ndipo pangano la United Nations la 1982 limalamula woyendetsa chombo kuthandiza munthu aliyense amene ali pangozi panyanja. Koma palibe lamulo limene limakakamiza munthu kubwereketsa sipanala. Pa Kariba pomwepa pali malo opapatiza otchedwa Kota Kota, dzina limene Mmalawi aliyense akalimva amatembenuka, ndipo amalinyero a mabwato a alendo ndi asodzi onse amawadziwa chifukwa cha mafunde ake.

Mbali ina ya nkhaniyi

Kungakhale kunama kunena kuti padooko pali chikondi chokhachokha. Mdima umene umabisa bwato lovutika umabisanso wakuba. Eni mabwato akhala akudandaula kwa zaka zambiri za kapenta wogulitsidwa pamadzi usiku kwa anthu obwera ndi timabwato tating'ono, ndiponso za mabatire, mababu ndi zingwe zimene zimasowa. Chitsulo chotsika mtengo chimene munthu wagula mosafunsa mwina chinamasulidwa pa bwato la mnzake dzana. Antchito nawo ali ndi dandaulo lawo, lakuti malipiro ndi ochepa poyerekeza ndi ngozi, ndipo bwato likagona pamchenga sabata ziwiri kudikira kukonzedwa iwo salandira kanthu.

Palinso vuto lina limene kuthandizana sikungathetse, mwina kumalikulitsa kumene. Pangano la usodzi la 1999 linagawa mabwato a kapenta pakati pa mayiko awiriwa, magawo 55 pa 100 ku Zimbabwe ndi 45 ku Zambia, ndipo akatswiri analangiza kuti onse pamodzi asapitirire 500. Pofika m'zaka za m'ma 2010 chiwerengerocho chinali chitadutsa 1,000, ndipo nsomba zogwidwa ndi bwato limodzi pa usiku zinali zitatsika kwambiri poyerekeza ndi za m'ma 1990. Bwato lililonse limene anzake alidzutsa ndi getsi linanso pa nsomba zochepa zomwezo. Asodzi amene amamvana bwino pa nkhani ya lamba ndi dizilo sanapezebe njira yomvana pa nkhani ya chiwerengero cha mabwato, ndipo mlandu umenewu suli pa iwo okha, pakuti zilolezo zimalembedwa m'maofesi a mayiko awiri. Pamwamba pa izi pali madzi. Mu Novembala 2022 bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti malo opangira magetsi a mbali ya Zimbabwe ayambe aima chifukwa madzi anali atachepa, ndipo chilala cha 2024 chinatsitsanso nyanjayi. Madzi akaphwa gombe limathawa, zitsa zimene zinabisika zimatulukira, ndipo owotcherera migolo amachuluka ntchito.

Amene amalumikiza dooko ndi kumtunda kawirikawiri ndi amayi ogula kapenta. Iwo ndiwo amadziwa tsiku limene galimoto ibwere, ndiwo amayenda ulendo wa fumbi uja kawiri pamwezi, ndipo ndiwo amapatsidwa chitsulo chothyoka kuti akachionetse m'sitolo, chifukwa dzina lake lenileni palibe amene amalidziwa ndipo wogulitsa amafuna kuchiona ndi maso. Palibe amene amawawerengera ngati mbali ya ntchito yokonza mabwato, koma popanda iwo injini zambiri zikanagona.

M'bandakucha, mabwato akamalowa m'dooko limodzilimodzi, lole yopita kumtunda imakhala itayamba kale kupakira. Matumba a kapenta amaunjikidwa kutsogolo, anthu amakhala pamwamba pake, ndipo mayi wina wakhazika pamiyendo kachikwama kamene muli pampu ya dizilo yokulungidwa m'sanza, pamodzi ndi kapepala kolembedwa nambala ya foni ya mwini wake. Ngati ku Chitekete kulibe, akafunsa ku Gokwe. Ngati ku Gokwe kulibe, aipereka kwa kondakitala wa basi ya ku Kwekwe, amene amadziwa mdala wina wa shedi ya malata, wopuma ntchito ya mumgodi, yemwe angathe kuitsegula n'kuona ngati ili yochiritsika. Kudooko, bwato la pampuyo likhala likutuluka ndi pampu yobwereka mpaka mwezi udzawalenso.